Ndamwa mankhwala a dipuleshoni amitundu iwiri koma sizikutheka, alipo ena amphamvu?

Funso lachokera kwa bambo wina wa zaka 41, dalaivala wa galimoto ya kampani. Akuti: "Zaka zitatu tsopano ndikuvutika maganizo, palibe chimandisangalatsa, ndimadzuka 3 koloko usiku osagonanso. Kuchipatala chaching'ono anandipatsa amitriptyline wa 25 mg kamodzi usiku, ndinamwa masabata atatu nkusiya chifukwa ndimaodzera pa chiwongolero komanso kukamwa kumauma. Kenako ku pulaiveti anandilembera fluoxetine 20 mg, ndinamwa miyezi iwiri ndipo ndinayamba kupepukidwa pang'ono, koma za kuchipinda zinafa mpaka mayi akunyumba anayamba kundikayikira, nde ndinasiyanso. Pano zabwerera. Alipo mankhwala amphamvu kuposa amenewa? Nanga sindidzakhala kapolo wa mapilisi?"

Achimwene, pa mankhwala awiri mwatchulawa palibe olo amodzi amene ine ndinganene kuti alephera. Oyambawo simunawamwe pa mlingo wochiza, achiwiriwo amagwira ntchito ndithu koma anakulandani chinthu china chimene simukanalolera kuti chipite, ndipo palibe anakhala nanu pansi nkukuuzani kuti zimenezo zili ndi pokonzera pake.

Amitriptyline wa 25 mg ndi dozi yoyambira basi. Imeneyo ndi imene timapatsa munthu wa shuga amene mapazi akumuotcha usiku, kapena amene akungosowa tulo. Pa dipuleshoni malangizo a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati yambani ndi 25 mg pogona, muzionjezera 25 mpaka 50 mg pa sabata kufikira 100 kapena 150 mg patsiku. Nde inu munali pa kagawo kakang'ono ka dozi yeniyeni, zili ngati kumwaza feteleza wodzadza kapu imodzi m'munda wa ekala nkumadzati feteleza wa chaka chino ndi wabodza. Chowawa chake nchakuti zovuta za mankhwalawa, kuodzera, kuuma kukamwa, zimabwera tsiku loyamba lomwe olo pa dozi yaing'ono, pamene ubwino wake umayamba kuoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo sitigamula kuti agwira kapena ayi asanakwane masabata asanu ndi limodzi pa dozi yokwanira. Kwa munthu amene wadwala zaka ngati inu pena timadikira mpaka masabata 8 kapena 12. Masabata atatu anu aja munangotolako zowawa zokhazokha.

Fluoxetine nde nkhani ina. Mwanena nokha kuti munayamba kupepukidwa. Kwa ife amene timaona odwala maganizo, munthu wodwala zaka zitatu akati wapepukidwako pa 20 mg patatha miyezi iwiri, imeneyo ndi nkhani yabwino, ndipo chotsatira chake chikanakhala kupitiriza kapena kukweza kufika 40 mg, osati kusiya.

Za "amphamvu" zija. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya Lancet inatulutsa kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Andrea Cipriani, anasonkhanitsa mayeso 522 a mankhwala 21 a dipuleshoni. Onse 21 anaposa mapilisi opanda mankhwala, kusiyana pakati pawo sikunali kwakukulu, ndipo amitriptyline yemweyu amene amapezeka ulere m'zipatala za boma anali m'gulu la pamwamba pa kuchiza. Vuto lake ndi kuvuta kumwa osati kufooka. Nde musanamizidwe kuti a ku famase odula aja ndi amphamvu chifukwa cha mtengo, amasiyana kwenikweni pa zovuta zimene amabweretsa mthupi, ndipo posankha mankhwala timayang'ana zimenezo: ntchito yanu, matenda ena muli nawo, zimene mungapirire ndi zimene simungapirire, komanso ngati mungawapeze mwezi ndi mwezi osadukiza. Ku America kunachitikanso kafukufuku wina wotchedwa STAR*D, wa anthu oposa 4,000, zotsatira zake zinatuluka mu 2006, ndipo amene anachiriratu ndi mankhwala oyamba anali pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Otsalawo anachita kusintha kapena kuonjezera, ena kawiri ena katatu. Kutanthauza kuti kufika pa mankhwala achiwiri olo achitatu ndi njira imene ambiri amadutsa, si chizindikiro choti anu ndi osachizika ayi.

Koma ndisanakulembereni kalikonse, mukanakhala mwabwera ku kiliniki, pali zimene ndikanakufunsani kaye, chifukwa dipuleshoni ikamakana kuchoka nthawi zambiri pamakhala china chikuigwirizira.

Choyamba ndi mowa, ndipo apa ndimafuna chilungamo osati "ndimangolawa pa wikendi". Anthu ambiri osowa tulo amagonera mowa, umagonetsadi msanga koma ndi umene umakudzutsani pakati pa usiku, mmawa mtima uli pansi kuposa dzulo, ndipo za kuchipinda zomwezo mowa umazipha pawokha. Chamba chimodzimodzi. Kenako ndikanafunsa ngati inakhalapo nthawi, masiku angapo otsatizana, imene mumagona maola awiri atatu koma osatopa, kuyankhula kosalekeza, mapulani ambirimbiri, kumwaza ndalama, abale mpaka kumadabwa kuti ameneyu watani. Funso limeneli ndimafunsanso akunyumba chifukwa mwini wake amaikumbukira nthawiyo ngati nthawi imene anali bwinobwino. Ngati zinachitikapo ndiye kuti mwina ndi bipolar, matenda amene maganizo pena amagwa pansi pena amakwera mopitirira muyeso, ndipo fluoxetine kapena amitriptyline payekha akhoza kukuponyerani mbali inayo, mankhwala ake ndi ena. Pamwamba pa apo tiyeze magazi: kuchepa kwa magazi, shuga, HIV, ndi chithokomiro ngati kuli kotheka, chifukwa chithokomiro chikafooka munthu amaoneka ndendende ngati wa dipuleshoni, kutopa, kunenepa, kuzizidwa, kudzimbidwa. Mankhwala ena amene mukumwa nawonso. Efavirenz amene anali mu ma ARV akale aja amadziwika ndi maloto oipa ndi kugwetsa mtima, ambiri kuno anasamutsidwira ku dolutegravir kuyambira 2019 koma nayenso kwa ena amasowetsa tulo. Prednisolone amasokoneza maganizo. Rifampicin wa TB amapangitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena a dipuleshoni msanga, nde munthu amamwa mokhulupirika koma m'magazi mulibe okwanira. Osasiya ma ARV kapena a TB chifukwa cha zimene ndalembazi chonde, kungoti amene akukulemberani adziwe zonse.

Tsopano za kuchipinda, ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene abambo ambiri amasiyira mankhwala mwakachetechete, kuchipatala nkumadzangoti "sanandiyanje". Amayi nawonso zimawachitikira, kungoti safunsidwa nkomwe. Fluoxetine ali m'gulu lotchedwa SSRI limodzi ndi sertraline, citalopram, escitalopram ndi paroxetine, ndipo gulu lonseli limachita zimenezi kwa anthu ambiri ndithu: chilakolako kuchepa, kuchedwa kumaliza kapena osamaliza nkomwe, pena thupi osadzuka. Si ufiti, simunamangidwe, ndipo sikuti mphamvu zatha. Kwa ochuluka zimabwerera mankhwala akachepetsedwa kapena kusinthidwa, alipo ochepa amene zimawatengera nthawi yaitali olo atasiya, nchifukwa chake ndi nkhani yoti muinene msanga osati kuipirira chaka chathunthu.

Funso langa kwa inu ndi lakuti, musanayambe fluoxetine zinali bwanji? Chifukwa dipuleshoni payokha imapha chilakolako, shuga amaononga misempha ya kumeneko, mankhwala ena a BP ngati atenolol, propranolol ndi HCTZ nawonso amachita zomwezo. Ngati chilakolako chinali chitatsika kale koma kuchedwa kumaliza kunayamba ndi mapilisi, pamenepo tikudziwa gawo la matenda ndi gawo la mankhwala, ndipo gawo la matendalo limakonzeka mukamachira.

Zochita zilipo. Mseru ndi mutu zimene ma SSRI amabweretsa zimatha zokha pa sabata imodzi kapena ziwiri koma iziizi kawirikawiri sizitha ndi kudikira, nde sindingakunamizeni kuti limbani mtima zipita. Ena amawachepetsera dozi ngati achira kale, inu simunafike pamenepo. Ena amamva zoti uzidumphitsa mapilisi pa wikendi, pa fluoxetine zimenezo sizithandiza chifukwa amakhalitsa mthupi masabata angapo, mukadumpha Loweruka m'magazi amakhala alimobe. Kusinthira ku sertraline mwina kungathandize pang'ono, matupi amasiyana, koma ndi banja lomwelo nde osayembekezera zodabwitsa. Amene sakhudza kwambiri za kuchipinda ndi mirtazapine ndi bupropion. Mirtazapine amamwedwa usiku, 15 mpaka 45 mg, amagonetsa bwino, zimene zingakuthandizeni pa kudzuka 3 koloko kuja, koma amatsegula chilakolako cha chakudya ndipo anthu amanenepa naye, komanso masiku oyamba amaodzeretsa, nde kwa dalaivala ndi zoyambira pa tchuthi. Bupropion ndi wosowa ndipo sapatsidwa kwa wa khunyu. Awiriwa ndi ogula, nde musanayambe werengani thumba lanu kuti mukwanitsa chaka chonse, kuyamba mankhwala amene muwagule miyezi iwiri yokha nkusiya bola osayamba. Njira ina ndi kubwerera pa fluoxetine amene tikudziwa kale kuti amakugwirani, adokotala nkuonjezerapo sildenafil, Viagra uja, ngati vuto lalikulu ndi thupi osadzuka kuchipinda. Ameneyu achite kukulemberani atakuyezani BP ndi mtima, osati mapilisi a pamsika aja osadziwika kuti mwaikidwa chani, ndipo saphatikizidwa ndi mankhwala a mtima a gulu la nitrate.

Ndipo mayi akunyumba abwere nawo ku kiliniki. Mawu oti "ndi mankhwala" akachokera kwa inu amamveka ngati chophimbira, akachokera kwa adokotala kapena anamwino amamveka mwina. Mabanja ambiri amakangana pa nkhani imene ikanatha ndi maminitsi khumi okhala atatu m'chipinda cha adokotala.

Amitriptyline kwa inu ine sindingathamangireko, chifukwa cha chiwongolero. Pa 100 mg kuodzera kumakula kaye thupi lisanazolowere ndipo msewu wa M1 si malo oyesererapo. Koma poti ndi amene amapezeka kwambiri, ndipo ena akuwerenga pano akumwa yemweyo, nazi zimene zimathandiza. Imwani dozi yonse madzulo cha m'ma 7 kapena 8 osati 11 koloko, kuti tulo take tithere usiku. Podzuka khalani kaye pa bedi miyendo ili pansi musanaimirire, amatsitsa BP munthu akaimirira mwadzidzidzi nde chizungulire chimagwetsa, makamaka achikulire popita kukataya madzi usiku. Kukamwa kukamauma yendani ndi botolo la madzi muzimwa pang'onopang'ono kapena tafunani chingamu chopanda shuga, osati Fanta ndi Sobo tsiku lonse, chifukwa mankhwalawa amanenepetsa kale ndipo mkamwa mouma mano amabowoka msanga. Kudzimbidwa, bwererani ku nsima ya mgaiwa, masamba, nyemba, papaya, madzi ambiri. Zimene sizopirira ndi mkodzo kukanika kutuluka, mtima kugunda modumphadumpha, kukomoka, diso kuwawa nkumaona mwachimbuuzi, kapena wachikulire kuyamba kusokonezeka mutu, zimenezo ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Amene ali ndi vuto la mtima, pulositeti yotupa kapena matenda a maso a glaucoma sayenera kumwa amitriptyline popanda kuunikidwa bwino. Ndipo mukadwala malungo nenani kuti muli pa amitriptyline asanakupatseni LA, awiriwa onse amakhudza kagundidwe ka mtima ndipo sagwirizana bwino, adokotala ndi amene aone chochita.

China chimene ndikuopa kwa inu poti mwina kunyumba kuli zotsala za mitundu yonse iwiri: osaphatikiza nokha. Fluoxetine amatseka njira imene chiwindi chimachotsera amitriptyline, nde kadozi kakang'ono kamasanduka kakakulu m'magazi, ndipo zimenezi zimapitirira masabata angapo mutasiya fluoxetine.

Mukabwerera pa fluoxetine, imwani mmawa mutadya kena kake, usiku amasowetsa tulo. Ena timawayambitsa ndi 10 mg sabata yoyamba ngati alipo, kuti mseru ndi kusakhazikika kuchepe. Mutu ukawawa imwani Panado, osati Brufen, Indocid, diclofenac kapena asipulini tsiku ndi tsiku, chifukwa ma SSRI akaphatikizana ndi amenewo mwayi wotaya magazi m'mimba umakwera, chimbudzi chikada ngati phula thamangani. Tramadol nayenso ayi, kuphatikizana kwake kumatha kubweretsa kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi ndi kusokonezeka, ndi zoopsa. Masabata oyamba ena amamva kubalalika mkati, kulephera kukhala pansi, ndipo kwa achinyamata osakwana zaka 25 maganizo ofuna kudzipha amatha kukwera nthawi imeneyi, nde amafunika kuonedwa pafupipafupi.

Ukapolo wa mapilisi ayi. Mankhwala a dipuleshoni sabweretsa chibaba ngati cha fodya kapena mowa, simudzawafuna ochulukirachulukira kuti mumve kukoma, palibe amaba ndalama za ndiwo kuti akagule fluoxetine. Amene amagwira munthu ukapolo ndi diazepam, Valium uja anthu amapempha kuti agone, ameneyo ndi wa masiku ochepa basi ndipo dipuleshoni sachiza. Chimene chilipo nchakuti thupi limazolowera, nde ukasiya mwadzidzidzi pamabwera chizungulire, mseru, maloto oipa, kupsa mtima, ena amamva ngati shoko m'mutu. Paroxetine ndi mankhwala ena a dipuleshoni otchedwa venlafaxine ndi amene amavuta kwambiri pa zimenezi, fluoxetine savuta kwenikweni poti amatuluka pang'onopang'ono yekha. Posiya timatsitsa dozi pang'onopang'ono kwa masabata, kwa amene amwa zaka pena miyezi.

Nthawi yomwa nde ndi pamene anthu amakhumudwa nane. Mukachira, osati mukayamba koma mukachira, malangizo a WHO a mu 2016 anati mupitirize miyezi 9 mpaka 12 pa dozi yomweyo imene yakuchiritsani. Kwa amene wadwala kupitirira zaka ziwiri kapena zabwerera kangapo, ambiri timalangiza zaka ziwiri kapena kuposerapo. Zimene zakuchitikirani inu, kusiya pa miyezi iwiri matenda nkubwerera, ndi zimene timayembekezera ndithu. Nde poti mankhwala amatha m'zipatala, muzipita kukatenga kudakali sabata imodzi asanathe, osati tsiku la pilisi lomaliza, kuti akakhala kulibe mukhale ndi mpata wofufuza kwina.

Pa dipuleshoni yokhalitsa mapilisi okha ndi theka la ntchito. Mu 2000 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa Martin Keller ndi anzake, anthu 681 odwala dipuleshoni ya zaka. Amene analandira mankhwala okha anapezako bwino 48 pa 100 alionse, a uphungu wokha 48 pa 100, koma amene analandira zonse ziwiri 73 pa 100. Uphungu wake osati wongouzidwa kuti "musamaganize kwambiri", mawu amenewo sanachizepo munthu, koma wokhala pansi sabata ndi sabata nkumatenga vuto limodzi limodzi, kaya ngongole, kaya mkangano wa pakhomo, kaya bwana wovuta, kuona chimene chingachitike sabata ino, komanso kubwerera pang'onopang'ono ku zinthu zimene munasiya, mpira, kwaya, kucheza ndi anzanu, olo mtima usakufuna. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kuchita zimenezi pa benchi panja pa zipatala za ku Harare, imatchedwa Friendship Bench, inayesedwa nkupezeka kuti imathandiza, ndipo njira yomweyo yagwiritsidwapo ntchito m'makiliniki ena kuno. Mapemphero pitirizani, ine ndilibe nawo vuto olo pang'ono, vuto langa ndi munthu amene angakuuzeni kuti mutaye mapilisi kuti muonetse chikhulupiriro, ameneyo zikadzavuta sadzakhalapo.

Poti mwadwala zaka zitatu ndipo mwadutsa kale mankhwala awiri, nthawi yakwana yoti muonedwe ndi wa za maganizo weniweni osati aliyense amene ali pa OPD tsikulo. Yambirani ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu mufunse anamwino kapena kiliniko ofesala wa za maganizo. Ku Blantyre ku Queens kuli kiliniki yake, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital imene imaonanso anthu ongobwera nkubwerera kwawo, St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza misala ndipo sikutanthauza kugonekedwa. Kumeneko ndi kumene angaganizire njira zina ngati ziwiri zoyesedwa mokwanira zitakanika, kuphatikiza mankhwala awiri mwadongosolo, kapena kuonjezera lithium amene amafuna kuyeza magazi pafupipafupi. Inu simunafike pofunika njira zimenezo.

Popita tengani kabuku ka kuchipatala, mapaketi onse akale, ndi kapepala kolembapo dzina la mankhwala, dozi, munayamba liti, munasiya liti, chinakusiyitsani nchani. Pemphani kuti akufunseni mafunso a PHQ-9, alipo a Chichewa, ndi mafunso 9 ndipo mapointi ake amachokera pa 0 kufika 27. Alembe nambalayo m'kabuku, mwezi wamawa akufunseninso, chifukwa dipuleshoni imanamiza, munthu amati palibe chasintha pamene watsika kuchoka pa 20 kufika 13, ndipo akunyumba amaona kusintha mwini asanaone. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, mukasintha mankhwala, dozi ndi nthawi yomwera zonse sabata imodzi sitidziwa chathandiza nchiti. Ndipo mukaona chovuta china, bwererani tsiku la kiliniki lisanakwane mukanene mosabisa, olo ndi za kuchipinda.

Simunatchule koma ndifunsabe poti ndimafunsa aliyense: maganizo oti bola kufa amabwera? Ngati amabwera, uzani mayi akunyumba kapena m'bale amene mumamukhulupirira lero lomwe, mapilisi otsala aja makamaka amitriptyline asunge iwowo azikupatsani a tsiku limenelo okha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke m'nyumba. Ngati maganizowo afika poganizira tsiku ndi njira, musadikire tsiku la kiliniki, wina akuperekezeni ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo olo ndi usiku, mukanene mawu omwewo kwa amene mumupeze pa ntchito.